Tizirombo tagona, nanga ife tulo tili kuti? Malangizo kwa anzanga amene takalamba ndi ma ARV

Ndinayamba kumwa ma ARV mu 2006, patangopita zaka ziwiri boma litayamba kuwapereka ulere m'zipatala zake. Nthawi imeneyo palibe mwa ife amene ankaganiza za ukalamba. Pemphero linali loti mwana womaliza alembe mayeso a Sitandade 8 tili ndi moyo. Lero ndili ndi zaka 61, imvi mutu wonse, adzukulu asanu, ndipo nkhani zimene timakamba pa gulu lathu kuno ku Nkhotakota zinasintha. Za CD4, chiwerengero chija cha asilikali a m'thupi, tinaiwala. Pano ndi mawondo, BP, shuga, dzanzi la kumapazi, ndi tulo tosabwera.

Amene munadutsapo kuseri kwa chigayo cha mpunga mukuudziwa mulu wa mankhusu uja. Ukagwira moto suyaka malawi. Pamwamba pamangooneka phulusa, koma tapondanipo muone: pansi ukunyeka, ndipo umatha masiku ukufuka. Ndi mmene zilili m'thupi la munthu amene wakhala ndi HIV zaka zambiri. Mankhwala amagoneka tizirombo mpaka makina osationa m'magazi, koma tina timabisala m'malo monga m'matumbo ndi m'timisungwi tija timatupa tikakhala ndi mwanabere. Asilikali a m'thupi amadziwa kuti mdani sanachoke, ndiye sagona, amangokhala chilili usana ndi usiku. Achipatala amati inflammation, kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso. Pakapita zaka kamoto kameneka kamaumitsa mitsempha ya magazi, kufooketsa mafupa, kudya minofu ndi kutopetsa impso. Ukalamba nawo umakoleza moto womwewo, ndiye ife tasenza ziwiri.

Piritsi lozimitsira motowu kulibe pa windo paja timatengera mankhwala. Zimene zili m'manja mwathu ndi miyendo ndi tulo, ndipo ziwirizi zimakokana: woyenda masana amagona bwino usiku, wogona bwino amadzuka ndi mphamvu zoyendera. Nayi ndondomeko imene ine ndi anzanga timatsata.

Yambani ndi botolo lija la ma ARV, ndi nthawi yomwera

Zonse zili m'munsimu n'zachabe ngati mukudumphitsa mankhwala. Mu 2006 ofufuza anaimitsa mwadzidzidzi kafukufuku wamkulu wotchedwa SMART, wa anthu oposa 5,000 m'maiko 33. Anaona kuti amene ankapumira mankhwala CD4 ikakwera ankadwala ndi kumwalira kwambiri kuposa omwa mosalekeza, ndipo si matenda a Edzi okha amene ankawagwetsa: mtima, impso ndi chiwindi nazo zinkavuta. Tizirombo tikadzuka, moto uja umayaka malawi.

Kenako onani nthawi. Kale tili pa mtundu wa ma ARV wotchedwa 5A, uja wa efavirenz, tinazolowera kumwa pogona chifukwa ankatizunguza mutu ndi kutilotetsa zilombo. Kuyambira 2019 ambiri tinasamutsidwira ku TLD, amene m'buku amalemba 13A. Dolutegravir amene ali m'menemo amathawitsa tulo kwa anthu ena. Ine ndinapitiriza kumwa 8 koloko usiku mwachizolowezi, ndipo ndinatha miyezi ndikuwerenga malata a denga mpaka tambala woyamba. Nditakadandaula, namwino wina, mwana wa msinkhu wa mwana wanga, anangofunsa kuti, "Amayi, mumamwa nthawi yanji?" Anandisinthira m'mawa. Sabata ziwiri zisanathe ndinayamba kugona. Ngati nanu mumamwa usiku ndipo tulo tikukuvutani, musasinthe panokha, kafunseni kuti akuuzeni kasinthidwe kake.

China chimene ambiri satiuza: mankhwala a chilungulira aja a magineziyamu, komanso mapiritsi owonjezera magazi, amamanga dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Imwani TLD maola 2 musanamwe amenewo, kapena dikirani maola 6 mutawamwa.

Kayezetseni musanayambe mafizo

Tsiku lokatenga mankhwala musangolandira n'kuthamangira kabaza. Pemphani akuyezeni BP ndi shuga, ndipo alembe m'buku. BP yabwino isamafike 140 pamwamba ndi 90 pansi. Ikapezeka ku ma 180 uko, zoyenda mwandawala ziyambe zadikira kufikira adokotala ataitsitsa. Auzeni ngati mumamva kupweteka pachifuwa mukakwera chitunda, ngati mapazi amatupa, kapena ngati munagwapo chaka chino.

Kunyumba dziyezeni nokha ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, kuyambira pansi mpaka pamutu. Chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, muli bwino. Zikakana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo mafuta amenewo ndiwo nkhuni za moto uja. Ndikudziwa kuti nkhaniyi imawawa. Ife amene tinaondapo mpaka anthu kumatiloza ndi milomo, kunenepa tinakulandira ngati mdalitso, ndipo TLD anatinenepetsadi ambiri, makamaka amayi. Koma thupi la m'matako ndi m'ntchafu ndi lina, chimimba ndi china.

Kuyenda

Apa pamabuka mkangano nthawi zonse. Bambo wina wa m'gulu lathu anandiyankha kuti, "Mayi, ine ndimalima mpunga kudambo kuyambira m'bandakucha, mafizo a chiyaninso? Zimenezo n'za anthu a m'maofesi ku Lilongwe." Sananame kwenikweni. Kulima, kusinja, kutunga madzi kumjigo, kupalasa bwato, zonsezi thupi limaziwerenga. Vuto ndi lakuti ntchito yathu imabwera ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka kukolola timadzipha, msana chiweramire. Mpunga ukalowa m'matumba, bambo yemweyo amakhala pansi pa mtengo wa mango pa bawo mpaka mvula yoyamba. Miyezi inayi kapena isanu ya chikhalire imafafaniza zonse. Moto wa mankhusu sufuna chigumula cha kamodzi pachaka, umafuna kuthiridwa madzi tsiku ndi tsiku.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linatchula ndithu anthu amene ali ndi HIV: mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono. Kunena kwina, theka la ola masiku asanu pa sabata ndiye poyambira. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa timadzi tina m'magazi timene timatontholetsa asilikali aja, imadya shuga, ndipo mafuta a m'mimba amayamba kusungunuka.

Koma musayambe ndi theka la ola ngati mwakhala nthawi yaitali osayenda. Kuthamanga si kufika. Sabata yoyamba yendani mphindi 10 zokha: zisanu kupita, zisanu kubwerera. Sabata iliyonse onjezani mphindi zisanu. Pofika sabata yachisanu mwafika pa 30. Mawondo akadandaula, bwererani pa muyezo wa sabata yapitayo, mukhalepo sabata inanso. Mukhozanso kudula pawiri, 15 m'mawa ndi 15 madzulo, zimawerengedwa chimodzimodzi.

Liwiro lake muliyeze ndi pakamwa. Muziyenda moti mukhoza kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba. Ngati mukutha kuimba vesi yonse ya nyimbo ya kwaya osapumira, mukungoyenda ngati wopita kukaona dimba la mnzake. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, chepetsani.

Nthawi yabwino kuno kunyanja ndi m'mawa, dzuwa likungotuluka pamadzi. Mu Okutobala ndi Novembala, 8 koloko ikakwana kunja kwapsa kale, ndiye 5 koloko muzikhala muli pamsewu, mutamwa kapu ya madzi ndipo botolo lina lili m'manja. Impso za munthu womwa tenofovir, amenenso ali mu TLD, sizikondwa ndi ludzu. Nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julayi, valani juzi, muyambe pang'onopang'ono mphindi zisanu kuti mfundo zitenthe. Kuwala kwa m'mawa kuli ndi phindu linanso: ndiko kumatchera wotchi ya m'thupi kuti usiku tulo tibwere pa nthawi yake.

Ife a pa boma timatsetserekera kunyanja, kudutsa cha ku St Anne's kumene kuli mtengo uja amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, n'kubwerera chokwera. Kubwererako ndiye mankhwala enieni. Mumsewu wa M5 samalani, yendani mbali yoyang'anana ndi magalimoto obwera, chifukwa njinga zamoto za masiku ano sizidziwa imvi. Pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja mpabwino, koma pondani wonyowa wolimba uja, wofewa umatopetsa mawondo. Kumabango ndi kumathiriro a mitsinje ngati Bua ndi Kaombe, kapena ku Chia m'bandakucha, musapiteko. Ng'ona ndi mvuu sizifunsa kuti mwabwera kudzachita mafizo.

Mawu apadera kwa anzanga amene tinamwa ma ARV a Triomune zaka zoyamba zija. Stavudine amene anali m'menemo anatisiyira ambiri dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Phazi la dzanzi silimva minga, ngakhale mbedza. Musayende opanda nsapato, ndipo patapata sakwanira. Pitani pa kaunjika mukasankhe nsapato zotseka zokula pang'ono, muzivala ndi sokosi. Madzulo alionse yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala. Mukapeza chilonda, makamaka ngati muli ndi shuga, musachithire phulusa, pitani nacho kuchipatala.

Za manyazi ndisazisiye. Tsiku loyamba ana anandithamangira kumbuyo akuseka, ndipo mnansi wina anafunsa mwana wanga ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Gogo woyenda mwachangu wopanda katundu pamutu kwathu kuno amadabwitsa. Ndinayamba kunyamula kadengu, ngati ndikupita kukagula usipa kudoko. Kenako tinakhala atatu, ndipo anthu anatopa nafe. Wopita kumzikiti m'bandakucha kapena ku misa ya m'mawa ali ndi chifukwa kale, angotalikitsa njira pobwerera. Ndipo kukakhala chioda kapena malipenga, musakhale pampando wa alendo. Kuvina kumawerengedwa.

Minofu, masiku awiri pa sabata

Kuyenda kokha sikubweza minofu imene ukalamba ukuba. Tenofovir naye amachepetsako pang'ono kulimba kwa mafupa, ndipo kwa amayi amene tinasiya kusamba vutoli limabwera pawiri. Mafupa amalimba akamakokedwa ndi minofu. Jimu yake ndi khonde lanu, Lachiwiri ndi Lachisanu, kapena masiku ena alionse osatsatizana.

Tengani mpando wolimba, muutsamiritse kukhoma. Khalani, manja pachifuwa, imirirani, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Chitani ka 8. Ngati n'zovuta, gwirani mawondo kapena ikani pilo kuti mpando ukwere. Mwa zonse, iyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa ndi minofu yomweyi imene idzakudzutseni pamkeka ndi kuchimbudzi muli ndi zaka 80 popanda kuitana mdzukulu.

Kenako imani moyang'ana khoma, manja onse pakhomapo molingana ndi mapewa, pindani zigongono mpaka mphuno itayandikira khoma, n'kudzikankha. Ka 8. Mukatero tengani mabotolo awiri a Sobo a malita 2, muthiremo madzi, lililonse likhala makilogalamu 2. Anyamuleni kuchokera m'ntchafu kufika m'mapewa, ka 8. Akayamba kupepuka, thiranimo mchenga m'malo mwa madzi. Pomaliza gwirani chitseko, nyanyamphirani pa zala n'kutsika, ka 10. Pumani pang'ono, mubwereze mzere wonsewo kawiri. Sabata zikamapita kwezani kufika pa 12.

Musamagwire mpweya pokankha, zimakweza BP. Tulutsani mpweya pamene mukugwiritsa mphamvu. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwabwinobwino. Kubaya kwa mu mfundo ndi chenjezo.

Kuti musagwe

Ichi n'chachidule koma musachidumphe, makamaka amene mwapyola zaka 65. Masiku atatu pa sabata, podikira madzi a tiyi awire, gwirani mtondo kapena mphuthu ya chitseko, imani ndi mwendo umodzi, muwerenge mpaka 10, musinthe. Kenako yendani m'mbali mwa khoma, chidendene chikugunda zala za phazi linalo, mapazi 10.

Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda mosokonekera, kapena kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita, siyani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukakhala ndi malungo kapena kutsegula m'mimba, mafizo ayambe aima.

Tulo

Timakonda kunena kuti nkhalamba sigona. Zoona zake n'zakuti tulo ta munthu wamkulu timapepuka ndi kudukaduka, koma thupi limafunabe maola 7 kapena 8. Anthu osowa tulo nthawi yaitali amapezeka ndi zizindikiro za kutupa kuja zokwera m'magazi, zimene ofufuza amazitcha CRP ndi IL-6, ndipo BP ndi shuga nazo zimavuta kuzigwira.

Gwirani kaye nthawi yodzuka, osati yogona. Tulo simungatikakamize kubwera, koma kudzuka mungathe. Sankhani ola limodzi, tinene 5 koloko, muzidzuka lomwelo tsiku lililonse ngakhale usiku wapita moipa, ngakhale Lamlungu. Pakatha sabata ziwiri tulo timayamba kubwera tokha madzulo.

Masana mukatopa gonani, koma osapyola theka la ola, ndipo isanakwane 3 koloko. Kuwodzera pakhonde mpaka dzuwa kupendeka ndi kudya mbewu ya tulo ta usiku.

Tiyi wa masamba, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija anyamata a kabaza amakonda, zonsezi zithere pa nkhomaliro. Madzulo ine ndimamwa madzi otentha a mandimu. Mowa ndi wonyenga: umagonetsa msanga, koma cha m'ma 2 koloko umakudzutsa, kukamwa kuli gwa, mtima ukuthamanga. Madzi ambiri imwani masana, muchepetse maola awiri musanagone kuti musamangotuluka panja. Ngati mukudzukabe kukataya madzi katatu kapena kanayi usiku uliwonse, kayezetseni shuga, ndipo abambo mukaonetse chikhodzodzo, pakuti pa msinkhu uno njira ya mkodzo imayamba kuthina.

Kutentha ndiye mdani wathu wamkulu kuno. Nyumba ya malata mu Novembala imakhala uvuni mpaka pakati pa usiku. Tsegulani mazenera dzuwa likangolowa, sambani madzi ozizirira musanagone, ndipo ine ndimanyowetsa chitenje, n'kuchifinya, n'kufunda kumiyendo. Mukasamukira pakhonde, neti isamuke nanu. Ndaona anthu ambiri akuthawa kutentha n'kukagona pamchenga popanda neti, sabata yotsatira ali pa LA.

Mukagona ndipo tulo takana kwa nthawi ngati theka la ola, musalimbane nato. Dzukani, khalani pampando mumdima kapena pa kanyale kochepa, pempherani, tongolani chimanga, sokani mphasa, kufikira maso atalemera. Foni ikhale patali. Mauthenga a maliro a pa WhatsApp saonedwa 1 koloko usiku.

Piritoni ndi valiyamu wogula pa golosale musamuzolowere. Kwa munthu wamkulu amasiya chizungulire m'mawa, ndipo anthu amagwa nazo popita kubafa.

Pali mitundu ina ya kusagona imene malangizo onsewa sangaithe. Ngati akunyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumaima kupuma ngati mwatsamwa, ndipo masana mumangowodzera, kauzeni adokotala. Ngati mukutuluka thukuta lonyowetsa zofunda, mukutsokomola, thupi likutsika, kayezetseni TB mawa lomwe. Ndipo ngati mumadzidzimuka 3 koloko maganizo ali piringupiringu, za fizi ya adzukulu, za anzathu amene tinawaika m'ma 2000, chakudya osakoma, zinthu zimene munkakonda osakusangalatsaninso, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi chithandizo. Ambiri a ife tinaika amuna athu, ena ana. Si kuchepa kwa chikhulupiriro. Nenani kuchipatala, nenani pa gulu.

Abambo amene mumakwerabe bwato usiku kukapha usipa ndi nyale, wotchi yanu ndi yosiyana. Mukatsika m'mawa idyani pang'ono, mulowe m'nyumba, mutchinge zenera ndi bulangete, mugone maola osachepera asanu motsatizana, ena mudzawonjeze madzulo musananyamuke. Kugona pansi pa ukonde padoko anthu akukangana mitengo si tulo.

Zina zokoleza moto

Malungo obwerezabwereza, likodzo, ndi mano ovunda, zonsezi zimadzutsa asilikali aja. Ife a m'mphepete mwa nyanja likodzo timakhala nalo osadziwa, ndiye alangizi a zaumoyo akamagawa praziquantel musamati ndi za ana asukulu okha. Mukaona magazi mu mkodzo, kayezetseni. Fodya, wa ndudu kapena wa chingambwe, ndiye mafuta a petulo pa moto umenewu. Utsi wa m'khitchini yotseka nawo suli kutali, phikirani podutsa mphepo.

Pa chakudya sindichulutsa. Mchere wa tsiku lonse usapyole magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza uja uli kale mu nsomba zouma. Kondowole kapena mgaiwa idyani, koma ndiwo zichuluke kuposa kale: usipa wodya ndi minga yomwe umalimbitsa mafupa, nyemba, khobwe, chigwada, bonongwe wotendera. Shuga wa mu tiyi tsitsani supuni imodzi mwezi uno, ina mwezi wamawa.

Mawondo akawawa, ambiri timathamangira bulufeni, indosidi kapena diclofenac. Amathandizadi, koma kumwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi tenofovir kumalemetsa impso, makamaka nyengo yotentha. Yambani ndi panado ndi nsalu ya madzi otentha, ndipo ululu ukapitirira kauzeni achipatala.

Kope, ndi kuyambiranso

Gulani kope la ana asukulu. Tsiku lililonse lembani zinthu zitatu: mphindi zimene mwayenda, nthawi imene munagona ndi kudzuka, ndi kangati munadzuka usiku. Kamodzi pamwezi yesani chingwe chija, ndipo werengani kuti mukutha kudzuka pampando kangati pa theka la mphindi. Ine ndinayamba ndi 7, pano ndimafika 13. Popeza ambiri tikulandira mankhwala a miyezi 6, timaonana ndi adokotala kawiri kokha pachaka, ndipo pofika tsikulo timakhala taiwala zonse. Kopelo mulitenge pamodzi ndi buku la kuchipatala, mufunsenso zotsatira za viral load yanu, muyezo wa kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, m'malo mongoyembekeza kuti akuuzani.

Mudzadukiza, zimenezo n'zosapeweka. Kudzagwa maliro a masiku atatu ogona pamphasa, kudzabwera malungo, mvula ya mu Januwale idzadula njira. Mukadukiza kupyola sabata ziwiri, yambiraninso ndi theka la pamene munasiyira, mukwere monga poyamba paja. Mwezi wa Ramadan, anzathu achisilamu kambiranani ndi achipatala za nthawi yomwera mankhwala kusala kusanayambe, ndipo muziyenda m'bandakucha mutangodya daku kapena madzulo mutafutulu, osati dzuwa lili pamutu. Tsiku la mvula yosakata, mpando ndi mabotolo aja ali m'nyumba momwemo, ndipo mphindi 10 zoponda pamalo amodzi pakhonde, mawondo akukwera, muzilembe m'kope ngati ulendo wa tsikulo.